Mkangano wa ku Kambuzuma ukusowa dzina limodzi

Mlendo akafika ku Kambuzuma, kumadzulo kwa mzinda wa Harare, n'kufunsa mnyamata aliyense kuti woyimba wa kwawo ndani, yankho silichedwa: Winky D. Mnyamatayo sakunama. Wallace Chirumiko anabadwa mu 1983, anakulira m'misewu yomweyi, ndipo lero ndi mmodzi mwa akadaulo a Zimdancehall amene amadzadza mabwalo. Dera lonse limamunyadira ngati mwana amene wabweretsa ulemu pakhomo.

Akuluakulu ali ndi mkangano wawo umene sukalamba. Wina amati palibe woposa Thomas Mapfumo, wina amaumirira Oliver Mtukudzi, wachitatu amakumbutsa anzake za Leonard Dembo ndi nyimbo yake ya Chitekete. Pamapeto pake wina amatchula Alick Macheso, onse n'kugwedeza mitu. Mayina onsewa ndi oyenera. Koma pali dzina limodzi limene limatchulidwa mochedwa, mwinanso osatchulidwa n'komwe, ndipo wolemba nkhani ino akuti kumeneko n'kulakwa kwakukulu. Dzinalo ndi Nicholas Zakaria. Pa oyimba gitala onse a m'chigawo chino cha Africa, iyeyu ndiye anachepetsedwa koposa, ndipo amene anamuchepetsa ndi mayiko awiri: Zimbabwe kumene anabadwira, ndi Malawi kumene kunachokera makolo ake.

Kambuzuma ndi malo oyenera kukambirapo zimenezi. Derali linamangidwa m'zaka za m'ma 1960, mzindawu ukutchedwa Salisbury. Pafupi pake pali Rugare, kumene ankakhala antchito a njanji, ndi Mufakose, kumene gule wamkulu amatuluka mpaka lero, Ashona n'kumamutcha zvigure. M'madera amenewa muli zidzukulu za anthu amene anachoka ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mangochi ndi ku Mulanje kukafuna ntchito "ku Halale", ena wapansi, ena kudzera ku Mthandizi. Ambiri sanabwerere, ndipo kumudzi anawatcha machona. Anagwira ntchito m'mafamu a fodya, m'migodi, m'njanji ndi m'nyumba za azungu. Loweruka madzulo, m'makomboni mwawo munkalira ng'oma ndi gitala.

Ena adzafunsa kuti gitala ya m'makomboniyi ikukhudzana bwanji ndi nyimbo za rock. Zikukhudzana kwambiri. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 anyamata a m'makomboni a Rhodesia ankaphunzira gitala potsanzira Elvis Presley, The Beatles ndi Jimi Hendrix. Mapfumo nayenso anayamba choncho, akuyimba nyimbo za eni m'Chingerezi. Ku Bulawayo kunali gulu la Wells Fargo, lotsogozedwa ndi woyimba ng'oma Ebba Chitambo, limene nyimbo yake ya Watch Out inasowetsa mtendere boma la Ian Smith. Imeneyo inali rock yeniyeni, yaphokoso ndi yaukali. Koma sinakhalitse. Anyamata aja atadziwa bwino chipangizocho anachitembenuzira kwawo: ku mgodi wa Mhangura, gulu la Hallelujah Chicken Run Band linayamba kuliza gitala ngati mbira, ndipo dziko litalandira ufulu mu 1980 kunabuka sungura, yochokera ku zimbale za ku Kenya, Tanzania ndi Congo. Liwulo m'Chiswahili limatanthauza kalulu.

Apa ndi pamene ambiri amakwiyira wolemba uno, koma sabwerera m'mbuyo: sungura ndiyo rock ya m'makomboni. Ili ndi magitala awiri kapena atatu, besi ndi ng'oma, basi. Oyimba ake anali ana a anthu osauka amene anaphunzira pa gitala ya chigubu. Anthu ophunzira a m'tauni ankainyoza kuti ndi nyimbo za kumafamu, zovinidwa ndi anthu osapita kusukulu, monga mmene makolo a ku America ndi ku England ankanyozera rock poyamba. Ndipo mofanana ndi rock, ulemu wa woyimba umachokera pa zala zake. Munthu sangabisale kumbuyo kwa kompyuta pamene nyimbo imodzi ikupitirira mphindi khumi, anthu akuvina, ndipo chingwe chilichonse chikumveka pachokha.

Nicholas Zakaria anabadwa mu 1956 pa famu ina ku Mazowe, m'banja lochokera ku Malawi. Mu 1984 anali mmodzi mwa oyambitsa gulu la Khiama Boys, ndipo gulu limeneli linasanduka sukulu. System Tazvida anadutsa m'menemo asanakayambitse Chazezesa Challengers mu 1993. Mng'ono wake, Zakaria Zakaria, anadutsa m'menemo. Ndipo mnyamata wina wochokera ku Shamva, wobadwa mu 1968, nayenso mwana wa anthu a ku Malawi, anakhala m'gululi zaka zoposa khumi akuliza besi. Mnyamatayo ndi Alick Macheso. N'chifukwa chake anthu anapatsa Zakaria dzina loti Senior Lecturer, ndipo ena amangoti Madzibaba chifukwa cha mpingo wake wa Apositoli.

Womvetsera mwachidwi zimbale za Khiama Boys amapeza kuti zambiri zimene anthu amatamandira Macheso zinayambira m'menemo. Gitala yotsogolera imalira moyera, popanda kudzionetsera, ikubwereza kachidutswa kamodzi mpaka kalowe m'mafupa, kenako n'kusintha pang'ono pamene wovina sakuyembekezera. Gitala yachiwiri imagwira liwiro ngati mtima. Pakati pa ziwirizi pamatsala malo, ndipo malo amenewo Zakaria anawasiyira besi. Mtsogoleri wina akanauza mnyamata wa besi kuti akhale kumbuyo, asunge nthawi, asasokoneze. Zakaria anamulola kulankhula. Besi ya Macheso, imene lero imayimba ngati munthu, inakulira m'malo amene mphunzitsi wake anawatsegula.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, zinthu zitavuta, Zakaria anasiya kaye kuyimba n'kukayendetsa magalimoto akuluakulu a katundu. Munthu amene anaphunzitsa theka la sungura ankagona m'misewu kuti adyetse banja. Nthawi imeneyo ndi imene Macheso anayambitsa Orchestra Mberikwazvo, n'kutulutsa chimbale cha Magariro mu 1998.

Otsutsa ali ndi mfundo zawo, ndipo si zachabe. Amati Macheso anagulitsa zimbale zochuluka, anabweretsa gule wa Borrowdale amene ana ndi akulu anamutengera, ndipo pabwalo amayaka ngati moto pamene Zakaria ankangoyima phee ndi gitala yake. Zonsezo n'zoona. Wophunzira anaposa mphunzitsi pa kutchuka, ndipo palibe chifukwa chomuchotsera ulemu umenewo. Koma kutchuka ndi chinthu china, kuyala maziko ndi chinanso. Mkangano wa ku Kambuzuma umayesa oyimba ndi kuchuluka kwa anthu pabwalo, ndipo muyeso umenewo nthawi zonse umapondereza munthu wofatsa. Zakaria sanali wa mikangano ya m'manyuzipepala. Ankayimba za banja, za ulemu, za kupemphera, ndipo anthu anamuzolowera mpaka kuiwala kuti akumva katswiri.

Pali chinanso chimene Achewa ayenera kuchiganizira. Anthu awiriwa anayimba m'Chichewa m'dziko limene chilankhulochi chinali chochititsa manyazi. Ana a machona ankatchedwa mabhurandaya, kuchokera ku dzina la Blantyre, kapena mabwidi, ndipo ambiri ankabisa chilankhulo cha makolo awo akangotuluka pakhomo. Zakaria anayimba Zomvelamvela osabisa kanthu. Macheso anaika Mundikumbuke pa chimbale cha Simbaradzo mu 2000, ndipo Zimbabwe yense anaivina, Ashona ndi Andebele omwe, ambiri osamva n'komwe mawu ake.

Chaka chimenecho n'chofunika. Mu 2000 ndi mmene kulanda mafamu kunayambira, ndipo antchito ambiri ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia anataya ntchito ndi pokhala. M'zaka zomwezo Robert Mugabe ananyoza anthu a ku Mbare kuti ndi opanda mfunda. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, ndipo anthu obadwira m'Zimbabwe koma makolo awo ochokera kunja anapezeka kuti ndi alendo m'dziko lawo lomwe, osaloledwa kuvota, mpaka malamulo atsopano a 2013 anawabwezera ufuluwo. Pa nthawi yonseyi nyimbo ya Chichewa inkalira m'makombi, m'mabala ndi pa maukwati. Dziko linkakana anthu kwinaku likuvina nyimbo zawo. Akale anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Ku Zimbabwe kalumoko analandira, koma mwini wake anamufunsa chitupa.

Pa chifukwa chimenechi wolemba uno amaika Simbaradzo pamwamba pa chimbale chimene azungu ambiri amachidziwa, True Jit cha Bhundu Boys. Gulu limenelo, la Biggie Tembo ndi Rise Kagona, linali lamphamvu zedi. John Peel ndi Andy Kershaw analikweza pa wayilesi ya BBC, ndipo mu 1987 linayimba pa bwalo la Wembley Madonna asanakwere. Zimbale zake zoyamba, Shabini ndi Tsvimbodzemoto, ndi moto weniweni. Koma kampani yaikulu ya WEA italitenga, True Jit inatuluka yosalazidwa, yothiridwa Chingerezi, ndipo amene analikonda chifukwa cha ukali wake anatembenuka. Gululo silinabwererenso mwakale. Simbaradzo sichinapangidwire London. Chinapangidwira anthu a ku Chitungwiza, ku Kambuzuma ndi ku Shamva, ndipo patatha zaka zoposa makumi awiri chikadavinidwa.

Si Zakaria yekha amene anachepetsedwa. Abale awiri, Daiton ndi Josphat Somanje a gulu la Pengaudzoke, nawonso anachokera m'mafamu, m'banja la ku Malawi. Daiton anamwalira mu 2015, ndipo ku Malawi ndi ochepa amene anamva.

Matenda omwewa a kuiwalika anagwira Paul Ngozi wa ku Lusaka. Iyeyu ndiye anayimba rock yosakayikitsa, gitala yokalipa ngati ya Black Sabbath, koma mawu ake ena m'Chinyanja. Ndi gulu lake la Ngozi Family anatulutsa Day of Judgement mu 1976 ndi 45,000 Volts mu 1977. Anamwalira mu 1989, ndipo kunja kwa Zambia dzina lake linazilala. Kenako mu 2024 woyimba wa ku America, Tyler, the Creator, anatenga chidutswa cha nyimbo ya Nizakupanga Ngozi n'kuchiika m'nyimbo yake ya Noid. Mwadzidzidzi achinyamata a ku Lilongwe, ku Chipata ndi ku Harare anayamba kufufuza pa intaneti kuti akuyimba chilankhulo chawoyo ndani. Zaka 47 zinadutsa nyimboyo ili pakhomo, ndipo anachita kudzaitola ndi munthu wa ku California. N'chimodzimodzi ndi Wells Fargo, amene nyimbo zawo zinatulukanso mu 2016 kudzera ku kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles. Ku Malawi nako, zambiri zimene dziko limadziwa za Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka zinasungidwa chifukwa cha Gerhard Kubik wa ku Austria.

Anthu amenewa anachita ntchito yabwino ndipo ayenera kuthokozedwa. Chowawa n'chakuti eni ake amadikira mlendo kuti awauze chimene chili chamtengo m'nyumba mwawo. Sungura sinatoledwebe motere ndi anthu a kunja, mwina chifukwa nyimbo zake n'zazitali ndipo sizilowa m'bokosi limene makampani a ku Ulaya amalikonda. Ngati Achewa akudikira kuti wina wa ku America adzatenge kachidutswa ka gitala ya Zakaria ndiye ayambe kumutamanda, akhoza kudikira zaka zina 47.

Achinyamata a ku Kambuzuma amene amati gitala ndi ya madala akuiwala zimene katswiri wawo amachita. Winky D amakwera pabwalo ndi gulu la zipangizo zamoyo, Vigilance Band, ndipo mu 2016 anayimba Panorwadza Moyo pamodzi ndi Mtukudzi. Iye akudziwa kumene nyimbo za m'makomboni zinachokera. Otsatira ake, amene ambiri agogo awo anachokera ku Nyasaland, ali ndi chifukwa chachikulu koposa chodziwira zimenezo.

Ku Malawi ntchito ilipo ndipo si yovuta. Macheso amadziwika, nyimbo zake zimalira m'maminibasi ndi m'malo achisangalalo, koma amene anamuphunzitsa sadziwika mokwanira. MBC ndi nyumba zina zoulutsira mawu zili ndi mapulogalamu a nyimbo zakale. Khiama Boys ndi Pengaudzoke alowe m'menemo, ndipo muulutsi anene poyera kuti awa ndi ana a kwathu amene anabadwira ku Zimbabwe. Ophunzitsa za nyimbo ku University of Malawi ku Zomba atumize ophunzira awo ku Chitungwiza, ku Mufakose ndi ku Kambuzuma akajambule zimene oyimba otsala akukumbukira, anthuwo akadali moyo. Ndipo inu a ku Kambuzuma, mkangano ukadzayambanso Loweruka likudzali, wina atatchula Macheso, mutchule Nicholas Zakaria, ndipo muyike Zomvelamvela kuti ana amve.