Wu wei si ulesi

Pali anthu amene akamva za wu wei, ciphunzitso ca Citao ca ku China, amathamangila kunena kuti ndi ulesi wovala jekete. Zoona, mauwa amatanthauza kusacita. Koma oseka aja sanawelenge mbili yakale.

Buku la Dao De Jing, limene amati analemba ndi Laozi, lili ndi mitu 81 cabe. Pa za ulamulilo, mfundo yake ndi yakuti mtsogoleli aleke kukakamiza zinthu ndi kusokoneza anthu amene nchito yao akuidziwa kale.

Onani zimene zinacitika. Ufumu wa Qin unagwilizanitsa China mu 221 BC, ndi malamulo okhwima, cibalo comanga malinga ndi misonkho yolemela. Pofika 206 BC unali utagwa. Pambuyo pake Mfumu Wen ya ufumu wa Han, imene inalamula kuyambila 180 mpaka 157 BC, inacepetsa dzanja la boma. Mu 167 BC inacotsa msonkho wa minda ndi zilango zodula anthu mphuno ndi mapazi. Alimi analima, nkhokwe zinadzala.

Mu 1958 Mao Zedong analamula dziko lonse kupha mpheta, ati zimadya mbeu. Mbalame zitatha, tizilombo tinaculuka m'minda, ndipo izi zinawonjezela njala imene inapha anthu mamiliyoni. Boma limenelo silinali laulesi. Linali pa nchito usana ndi usiku.

Mudzati: nanga ngalande zikatsekeka mu komboni, boma likhale manja lende? Iyai. Kucotsa msonkho kuja inali nchito, ndipo yofuna mtima wolimba. Wu wei ndi kucita cofunika pa nthawi yake, kenako n'kucotsapo dzanja. Vuto lathu n'lakuti timaombela m'manja mtsogoleli wa phokoso, amene tsiku lililonse ali ndi lamulo latsopano kuti aoneke pa Facebook.

Za mumtima n'cimodzimodzi. Mtendele saugwila pakhosi. Munthu amene amafukula mbeu m'mawa ulionse kuti aone ngati yamela sadzakolola kanthu. Makolo athu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Conco wina akadzabwela kudzapempha voti, musamufunse cabe zimene adzacita. Mufunseninso zimene adzaleka kusokoneza.