Kompyuta ikalakwitsa, wakuba ndani?

Ambiri amati kompyuta sinama. Ku Britain chikhulupiriro chimenechi chidamangitsa anthu osalakwa.

Mu 1999 bungwe la Post Office lidayamba kuwerengera ndalama ndi pulogalamu ya Horizon. Nthawi zina makinawo ankangouma, ndipo wantchito akadinanso batani, ndalama imodzimodziyo inkalembedwa kawiri kapena katatu. Powerengetsa, kaundula ankaonetsa kuti ndalama zasowa.

Pulogalamu iliyonse imalakwitsa, zimenezo n'zodziwika. Koma ikasokonezeka iyenera kuima, kuchenjeza ndi kusunga umboni, osati kupitiriza mwakachetechete. Chokhumudwitsa n'chakuti mabwana, m'malo mofufuza makinawo, ankaloza chala oyendetsa mapositi ofesi ang'onoang'ono.

Pofika 2015, anthu oposa 900 adali atapezeka olakwa kukhoti. Khoti lalikulu lidatsimikiza zolakwika za pulogalamuyo mu 2019, ena atagulitsa kale nyumba zawo pobweza ndalama zomwe sadabe.