Udokotala amauphunzirira pambali pa bedi la wodwala

Dziko lino linayamba kusula madokotala ake mu 1991, pamene sukulu ya College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre. Lero sukuluyi ili pansi pa yunivesite ya KUHeS. Wophunzira akamaliza maphunziro ake, amagwira kaye ntchito miyezi 18 moyang'aniridwa asanaloledwe kuima payekha. Kwa ine, amene amamugwira dzanja mu wodi ndiye amaumba dokotalayo kuposa mayeso onse.

Taonani mmene dokotala wamkulu wodziwa kuphunzitsa amachitira mu wodi ya ana. Amatambasula chikhatho cha mwana n'kufunsa wophunzira kuti, "Mukuona chiyani apa?" Chikhatho chayera, magazi achepa. Amavundukula kamalaya, n'kumuuza kuti awerenge mpweya kwa mphindi yathunthu, aonenso ngati nthiti zikulowa mkati mwanayo akamapuma. Kenako amanjuta kuti alingane ndi mayi amene wakhala pansi, n'kufunsa mofatsa kuti, "Mayi, mwanayu wayamwa liti komaliza?" Kuwerenga mpweya kuli m'buku. Kunjutako wophunzira amachita kuonera, ndipo akakuona kamodzi amapita nako kulikonse kumene adzagwire ntchito.

Pulofesa Elizabeth Molyneux anakhala zaka zambiri akusamalira ana ndi kuphunzitsa ku Gulupu, chipatala cha Queen Elizabeth. Anali mmodzi mwa amene anakonza njira ya ETAT, yothandiza wachipatala kuzindikira msanga mwana amene ali pangozi pamzere wautali n'kuyamba naye. Bungwe la WHO limaphunzitsa njirayi m'maiko ambiri. Kuno kwathu inafalikira chifukwa anamwino, ma clinical officer ndi madokotala ankaonetsana ndi manja, wina n'kukaonetsanso anzake.

Chimene chimandiwawa ndi wamkulu amene amanyoza wophunzira pamaso pa odwala ndi owadikirira. Ena amati kumeneko n'kumulimbitsa mtima. Ayi ndithu. Wophunzira wochititsidwa manyazi amangophunzira kubisa zimene sakudziwa. Usiku wina adzakhala yekha pachipatala cha boma chakutali, mayi akutaya magazi atangobereka, ndipo adzazengereza kuimba foni poopa kukalipidwa. Mphindi zimenezo ndi zimene mayi amapitira.

Ndikudziwa kuti akatswiri athu ndi ochepa, ndipo odwala amawachulukira. Munthu wotopa savuta kupsa mtima. N'chifukwa chake oyendetsa zipatala ayenera kuwerengera kuphunzitsa ngati ntchito yeniyeni, yokhala ndi nthawi yake pandandanda, m'malo moisiya kuti ichitike wodi ikapepuka. Pokweza anthu paudindo, afunsenso ophunzira kuti ndani amawaphunzitsa bwino.

Inu madokotala akuluakulu, perekani nambala zanu za foni kwa achinyamata amene mukuwatumiza m'maboma, ndipo muwauze ndi pakamwa panu kuti akhoza kukuimbirani ngakhale pakati pa usiku.