Moto ukabuka usiku, agogo awadzutsa ndani?

Ma sis, funso limodzi. Magetsi azima, kandulo ili patebulo pafupi ndi katani, inu muli ku ntchito ya usiku. Kunyumba kwatsala ana ndi agogo, omwe aja timawakuwira katatu kuti amve zoti nsima yapsa. Moto ukabuka, awadzutsa ndani?

Musati fungo la utsi. Munthu akagona mphuno siimudzutsa, utsi umangomufoolera pabedi pompo. Ndiye chifukwa chake pali alamu ya utsi, kachipangizo ka batire kokhoma kudenga, kamene kamalira moto usanakule.

Ena ayamba kale, “za azungu izo.” Eti? Nanga zitsulo zomwe tawotcherera m’mawindo monse, geti ya loko ziwiri, mpanda wa waya? Zotchingira mbava ndalama imapezeka, koma zitsulo zomwezo ndi zimene zimatsekera mayi wokalamba m’kati moto ukayaka. Alandilodi amakweza lendi chaka ndi chaka, alamu imodzi yokha osaika.

Komanso mvetsani apa. Alamu wamba imalira mawu oswa khutu, cha m’ma 3,000 Hz, ndipo mawu okwera chonchi ndi amene khutu limayamba kutaya munthu akamakalamba. Amene ali ndi makina othandiza kumva amavula pogona. Choncho mutha kugula alamu, kuikhoma bwinobwino, agogo osaimva.

Zowayenera zilipo: ya mawu otsika a 520 Hz, ya getsi lothwanima, ndi ya kachipangizo koika pansi pa pilo kamene kamanjenjemera mpaka munthu kudzuka. Koma izi ndi zodula kuposa zawamba, ndipo kuzipeza m’mashopu athu ndi ntchito. Ndiye kuti amene ali pachiwopsezo kwambiri ndi yemwe akuuzidwa kuti alipire zambiri. Chilungamo chake chili pati?

Ku England, kuyambira 2015 lamulo limakakamiza eni nyumba za lendi kuika alamu ya utsi, ndipo ozimitsa moto amayendera okalamba m’makomo mwaulere. Mukuti uko kuli ndalama? Chabwino, tiyeni ku South Africa. Moto utapsereza zisakasa ku Khayelitsha pa 1 January 2013, achinyamata a ku Cape Town anapanga Lumkani, alamu ya nyumba za anthu osauka. Imamva kutentha kukakwera mwadzidzidzi osati utsi, poti anthu amaphikira m’nyumba momwemo. Ikalira, za oyandikana nawo zimaliranso. Agogo akapanda kumva, aneba amva.

Tikufuna izi:

Makhonsolo a Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba alamule kuti nyumba ya lendi izikhala ndi alamu.

Boma lichotse msonkho pa ma alamu, makamaka a anthu osamva bwino. Lamulo la okalamba linadutsa mu 2024, lisathere papepala.

A MBS aziyeza zolowa m’dziko, tisagulitsidwe zidole.

A MANAD ndi a MANEPO akhale nawo pokambirana, poti eni nkhani ndi iwo.

Ndipo tisanamizane, pakachitika ngozi chala chimaloza ife. “Mtsikana uja anali kuti? Mpongozi amatani?” Palibe amafunsa mwini nyumba. Sitingakhale alamu ya banja lonse, maso osatseka usiku uliwonse.

Podikira mabwanawo, lero lomwe: kiyi wa chitseko azikhala malo amodzi omwe agogo akuwadziwa. Kandulo izizimitsidwa musanagone. Uzani aneba kuti m’nyumbamo muli munthu wosamva bwino, asamangogogoda n’kubwerera. Mbaula isagone m’chipinda ngakhale June azizire bwanji, chifukwa mpweya wa makala ulibe fungo ndipo alamu ya utsi siiumva.

Tumizani izi pa gulu la WhatsApp la banja lanu. Amalume aja amatumiza ndalama ya bokosi mwachangu ayambe atumiza ya alamu.