Kalulu Wogonekedwa Chagada Sakusangalala

Akonzi,

Ndikuyankha bambo amene analemba kuti kuveka kalulu chipewa ndi magalasi n'kumuika pa Facebook ndi masewera chabe. Masewera a ndani, bambo? Kalulu mukamugoneka chagada iye n'kungoti zii, wauma ndi mantha ameneyo. Akaphiriphitha m'manja mwanu, msana umatha kuthyoka. Makutu amene anyamata kuno ku Nabvutika amamunyamulira aja ndiwo amatulutsa kutentha m'thupi mwake, ndiye inu muwaphimbe ndi chipewa dzuwa la Okutobala likuswa mtengo ku Chipata!

Ifenso timaweta akalulu, ena timadya ndithu, koma khola lili pamthunzi, udzu ndi madzi sizisowa. Ngati chithunzi mukuchifuna, mujambuleni akudya kholowa, miyendo ili pansi.

Wowerenga wanu,
Nabvutika, Chipata