Zinyalala Zathu Zisasenzedwe ndi Akapolo



Nyengo ya chisankho ikafika, palibe wopikisana amene amaiwala kulonjeza mzinda waukhondo: misika yosesedwa, ngalande zosatsekeka ndi magalimoto onyamula zinyalala obwera pa nthawi yake. Malonjezo amenewa ndi abwino. Koma pali funso limene silimveka pa misonkhano yokopa anthu, ndipo tikupempha kuti mulifunse musanaponye voti: kodi amene adzasenze zinyalalazo ndi ndani, ndipo malipiro ake adzafika m'manja mwa yani?

Kuti muone kulemera kwa funsoli, tamvani zimene zidachitika ku Britain, dziko limene ambiri timaganiza kuti zotere sizingachitikeko. M'chaka cha 2019 khoti la mumzinda wa Birmingham lidamaliza mlandu umene apolisi a chigawo cha West Midlands adautcha Operation Fort. Anthu 8 ochokera ku Poland adapezeka olakwa. Iwo ankanyengerera anzawo akwawo, makamaka osowa pokhala ndi otuluka kundende, powalonjeza ntchito yabwino ku Britain. Akafika nawo ankawaunjika m'nyumba zauve, kuwaperekeza kubanki kukatsegula akaunti, kenako n'kuwalanda makhadi. Ambiri ankagwira ntchito m'malo osankhira zinyalala, ena m'minda. Apolisi adayerekeza kuti anthu pafupifupi 400 adakodwa mumsampha umenewu. Gululo lidapeza ndalama zokwana mapaundi 2 miliyoni, pamene ena mwa eni thukutawo sankalandira ngakhale paundi imodzi pa tsiku.

Chofunika kuchimvetsa n'chakuti makampani ankalipira, ndipo mabuku awo ankaoneka olongosoka, pakuti ndalama zinkalowa mu akaunti zokhala ndi mayina a antchitowo. Antchito ankabwera kudzera m'mabungwe opezera anthu ntchito, ndipo mmodzi wa achifwambawo ankagwira ntchito m'bungwe lotero. Chinsinsi chidaululika pamene awiri adathawa n'kukadandaula ku bungwe la Hope for Justice. M'chaka cha 2015 dziko la Britain lidakhazikitsa lamulo lolamula makampani akuluakulu kulemba chaka ndi chaka zimene akuchita popewa ukapolo, komabe gululi lidapitiriza mpaka 2017. Pepala lolembedwa mu ofesi silidaone munthu wanjala amene ankasankha mabotolo.

Ntchito ya zinyalala imakopa anthu oipa chotere pa zifukwa zodziwika. Siifuna satifiketi, ambiri amainyansidwa, ndipo imagwiridwa mbandakucha kapena kunja kwa mzinda kumene maso athu safika. Koposa zonse, imadutsa m'manja ambiri, ndipo dzanja lililonse limati udindo ndi wa linzake.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kwathu kuno lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 lidapereka udindo wochotsa zinyalala kwa makhonsolo, koma m'mizinda yathu mabanja ndi masitolo ambiri amalipira makampani omwe si aboma. Mwini kampani amabwereka lole, woyendetsa amatola anyamata aganyu m'mbali mwa msewu, ndipo katundu amakatsitsidwa kumtaya, monga ku Mzedi ku Blantyre kapena ku Area 38 ku Lilongwe. Kumeneko anthu, ena mwa iwo ana, amatola mabotolo, mapulasitiki ndi zitsulo, n'kugulitsa kwa adobadoba amene amakagulitsanso ku mafakitale. Kodi pa onsewa, ndi ndani amene ali ndi kaundula wa mayina a ogwira ntchito?

Sitikunena kuti aliyense wotola zinyalala ndi kapolo. Ambiri akudyetsa mabanja awo mwaulemu, ndipo umphawi ndi ukapolo si chinthu chimodzi. Kapolo wa masiku ano amadziwika ndi izi: sangasiye ntchito ngakhale atafuna, chiphaso chake cha unzika chili m'thumba la bwana, malipiro ake amalandira ndi munthu wina, ndipo ngongole ya ulendo, chakudya ndi pogona imangokula mwezi ndi mwezi. Ngongole yotereyi Amalawi timaidziwa kuchokera kwa matenanti a m'minda ya fodya, mchitidwe umene Nyumba ya Malamulo idauthetsa mu 2021.

Malamulo tili nawo. Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa ukapolo ndi ntchito yokakamiza. Lamulo la 2015 lothana ndi kuzembetsa anthu limapereka chilango chofika zaka 14 kundende, ndipo zaka 21 ngati wozembetsedwayo ndi mwana. Chimene chimasowa ndi atsogoleri ofunsa mafunso. Tsono wofuna ukhansala kapena uphungu akafika m'dera lanu, mufunseni zinthu zinayi izi.

Choyamba, kodi adzaonetsetsa kuti kampani isalandire kontirakiti kapena chilolezo cha khonsolo popanda kupereka mayina a antchito onse, kuphatikizapo aganyu ndi obwera kudzera mwa anthu ena? Chachiwiri, kodi adzalamula kuti malipiro azifika kwa mwini wake, ndi kuti anthu angapo akamalipidwa pa akaunti imodzi kapena nambala imodzi ya foni, nkhaniyo izifufuzidwa? Chachitatu, kodi oyendera ochokera ku ofesi ya zantchito adzafika kumtaya mosalengeza, n'kucheza ndi wantchito kapitawo palibe? Chachinayi, kodi ogula zitsulo ndi mapulasitiki adzalembetsedwa, ndipo ana ochotsedwa kumtaya adzathandizidwa bwanji kubwerera kusukulu kuti asangothamangitsidwa?

Wina adzati zonsezi zidzakweza mtengo wonyamulira zinyalala. N'zoona, mtengo ukhoza kukwera. Koma kontirakiti ikatsika mtengo mopitirira muyeso, sikuti mafuta a galimoto atchipa. Pali munthu amene akulipirira kusiyanako ndi mimba yake. Khansala wodzitama kuti wapeza kampani yotchipa kuposa onse ayenera kufotokoza kuti yadula pati.

Ifenso tili ndi gawo lathu. Nyumba zathu, masitolo athu ndi mizikiti yathu zimatulutsa zinyalala tsiku ndi tsiku. Mnyamata akabwera kudzazitenga, mufunseni dzina, mufunseni ngati amalandira yekha ndalama zake, ndipo mukaona zokayikitsa kaneneni kupolisi kapena ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu. Chipembedzo chathu chimatamanda kwambiri womasula kapolo, ndipo chimadzudzula womana wantchito malipiro ake. Voti ndi udindo umene tidzafunsidwa nawo pamaso pa Allah. Tiipereke kwa munthu amene angayankhe mafunso anayiwa popanda kuzemba.