Kabokosi ka situdiyo kasadye ndalama za feteleza

Nyengo yokumba mbatata ya kachewere ikatha ku Angónia ndi ku Tsangano, m'nyumba zambiri mumapezeka kandalama. Ndi nthawi imeneyinso imene anyamata ojambula nyimbo amafika kwa makolo ndi zopempha zawo. Ambiri a iwo anasandutsa kachipinda kogona kukhala situdiyo, muli laputopu yakale, maikolofoni imodzi ndi mabulangete okhomedwa kukhoma. Makwaya a mipingo ndi oimba a m'midzi amajambulitsa nyimbo zawo momwemo. Ntchito imeneyi ndi yabwino ndipo iyenera kulimbikitsidwa. Koma pali kabokosi kena kodula kamene ena mwa anyamatawa amakasirira, ndipo makolo ayenera kukadziwa bwino asanamasule ndalama pampango.

Nkhani yake ili motere. Pokonza nyimbo pa kompyuta, wojambula amagwiritsa ntchito mapulogalamu ang'onoang'ono otchedwa mapulagini. Ena amasalaza mawu a woimba, ena amawamveketsa ngati akuimbidwa m'tchalitchi chachikulu, ena amatsanzira makina akale a m'masitudiyo otchuka. Pulagini iliyonse imadya mphamvu ya kompyuta. Mapulagini akachuluka, laputopu imatentha, mawu amadukaduka, ndipo woimba amadzimva mochedwa m'mahedifoni. Kompyuta imayeza mawu maulendo 44,100 pa sekondi imodzi. Ikamawanyamula m'magulu a 512, gulu lililonse limatenga mamilisekondi pafupifupi 12 polowa, ndi ena otero potuluka. Kuchedwa kumeneku ndi kochepa kwa womvera, koma kwa woimba n'kokwanira kumusokoneza.

Kabokosi kaja kanapangidwa kuti kathetse vuto limeneli. M'kati mwake muli timakina takenso towerengera, ndipo mapulagini amagwirira ntchito mmenemo, kompyuta n'kupumako. Zili ngati katundu amene wachoka pamutu pa munthu n'kukwezedwa pangolo ya ng'ombe. Kampani ya ku America ya Universal Audio inatulutsa khadi lotere la UAD-1 mu 2001, kenako UAD-2 mu 2008, ndipo mu 2012 inabweretsa kabokosi ka Apollo kamene maikolofoni imalumikizidwa pomwepo. Zipangizo zimenezi zimagwiradi ntchito, ndipo masitudiyo akuluakulu amazidalira.

Komabe ngolo siigulidwa ndi munthu amene alibe ng'ombe. Choyamba, kabokosi katsopano kamagulidwa ndi madola mazana angapo, osawerengera msonkho ndi ulendo, ndipo m'meticais zimenezo ndi matumba ambiri a feteleza. Chachiwiri, kamayendetsa mapulagini a kampani yake yokha, ndipo ambiri mwa iwo amagulidwa padera. Chachitatu, mitundu yambiri ya kabokosika imafuna polumikizira pa Thunderbolt, pamene malaputopu akale ogula pamsika kawirikawiri alibe. Mnyamata atha kubwera nako kuchokera ku Tete kapena ku Lilongwe, n'kupeza kuti palibe pokalowetsa.

Palinso china chimene wogulitsa sangathamangire kunena. Makompyuta a masiku ano ali ndi mphamvu kwambiri kuposa a mu 2001, kotero kuti mu 2022 kampani yomwe ija ya Universal Audio inayamba kutulutsa ena mwa mapulagini ake oyenda pa kompyuta popanda kabokosi. Kampani ina ya ku Denmark, TC Electronic, inasiya kalekale kupanga chipangizo chake chotere cha PowerCore. Chinthu chodula lero chitha kusanduka chokongoletsera patebulo.

Tsono mnyamata wa situdiyo yaing'ono ayambire pati? Ayambire pa zimene sizifuna ndalama. Mapulogalamu ojambulira amalola kusandutsa mzere umene watha kukonzedwa kukhala mawu wamba, mapulagini ake n'kuzimitsidwa, laputopu n'kupepukidwa. Ndiponso tizipangizo totsika mtengo tolumikizira maikolofoni, timene anyamata amatitcha placa de som, tambiri tili ndi batani lolola woimba kudzimva mwachindunji mawu asanadutse m'kompyuta. Pamenepo kuchedwa kuja kumatha.

Ndalama zikakhalapo, zipite kaye kumene nyimbo zimaonongekera. Chipinda cha denga la malata chimalowetsa phokoso la mvula, la chigayo ndi la njinga zamoto, ndipo palibe pulagini imene ingachotse zonsezo bwinobwino. Maikolofoni yabwino, siling'i, batire losunga magetsi ndi chotetezera zipangizo magetsi akabwera mwamphamvu ndizo zoyamba. Kwaya nayo ifike itaphunzira nyimbo yake.

Kabokosi kali ndi malo ake. Situdiyo imene imalandira oimba tsiku ndi tsiku ndipo ili ndi kompyuta yoyenera itha kukagula ndi phindu la ntchito yake. Anyamata atatu kapena anayi a ku Ulónguè kapena ku Zóbuè athanso kusonkherana n'kukhala ndi situdiyo imodzi yolongosoka, poti mutu umodzi susenza denga.

Makolo asakanize ana awo luso. Koma mwana akapempha ndalama za kabokosi, amufunse mafunso atatu: ngati laputopu yake ili ndi pokalumikizira, ngati mapulagini ake adzalipira ndi chiyani, ndiponso ngati ndalamazo zidzabwerera mvula yobzalira isanagwe. Akalephera kuyankha, feteleza agulidwe, kabokosi kadikire chaka china.